Mphunzitsi wabwino amadziwanso kukhala chete

Tikachoka pa Kamwendo kulowera ku malire a dziko la Zambia, timafika ku Seminale yaikulu ya Kachebere, imene ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula m'chaka cha 1939. Aphunzitsi a kumeneko, monganso a m'makoleji ena m'dziko muno, amakumana ndi funso limodzi: kodi angaphunzitse bwanji kuti zomwe anena zikhazikike m'mitu ya ophunzira?

Ambirife tidazolowera kuti mphunzitsi ayankhule ola lathunthu, ophunzira n'kumangolemba. Koma m'chaka cha 2014, a Scott Freeman ndi anzawo a ku America adasanthula zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi ndi masamu m'mayunivesite. Adapeza kuti komwe ophunzira ankangomvetsera, pafupifupi 34 mwa 100 ankalephera, pamene komwe ankayankha mafunso ndi kukambirana, olephera adali pafupifupi 22.

Nanga tingawalowetse bwanji ophunzira m'phunziro? Njira yoyamba ndiyo kudikira. M'chaka cha 1972, mayi Mary Budd Rowe adaonetsa kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu, mayankho amakhala ozama ndipo ngakhale amanyazi amakweza dzanja.

Njira yachiwiri ndiyo ya a Eric Mazur a ku Harvard, imene adaiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mphunzitsi afotokoze mwachidule, kenaka afunse funso. Aliyense ayankhe payekha, akambirane ndi womuyandikira, ndipo ayankhenso. Kawirikawiri amene wangomvetsa kumene amafotokoza bwino, chifukwa akadakumbukira pomwe iye adakodwa. Njirayi silira kompyuta kapena magetsi.

Kwa aphunzitsi a m'maseminale izi si zachilendo. M'chaka cha 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Optatam Totius, udapempha kuti kaphunzitsidwe kaunikidwenso, ndipo udatchulapo zokambirana ndi kuphunzira m'timagulu.

Ifenso akatekisi, amene timaphunzitsa akatekumeni ndi ana a Tilitonse, nkhaniyi ikutikhudza. Wophunzira wongoloweza amaiwala mayeso akatha, ndipo mawa adzaima pamaso pa anthu alibe choyankha. Lamulungu likubwerali tikafunsa funso, tiwerenge chamumtima mpaka katatu tisanaloze munthu.