Wofuna thirakitala yaing'ono ayambe wasankha pulawo ndi ngolo

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, alimi ena a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amene apindula ndi mbatata ya kachewere, soya kapena fodya amayamba kufunsa mitengo ya mathirakitala ang'onoang'ono. Ambiri amafunsa za injini ndi dzina la kampani. Za pulawo ndi ngolo amakumbukira ndalama zitatha, ndiye thirakitala imangokhala pakhomo mvula ya Novembala ikuyandikira.

Thirakitala payokha silima. Imakoka, kunyamula ndi kuzunguza zipangizo, choncho ntchito ndiyo imalamula kukula kwa makina. Mphamvu ya injini amaiyeza mu akavalo, pa mapepala a Chipwitikizi amalemba CV. Pulawo ya mbale ziwiri imafuna akavalo pafupifupi 35 mpaka 45. Ya mbale zitatu, m'dothi lofiira lolimba lisanalandire mvula, imafuna oposa 50. Kumangirira pulawo yaikulu ku thirakitala yochepa mphamvu ndi kuwotcha dizilo ndi kupha kilatchi basi.

Kumbuyo kwa thirakitala kuli mikono itatu yonyamulira zipangizo, ndipo simafanana kukula. Mathirakitala ang'onoang'ono ambiri ali ndi ya gulu loyamba, Categoria 1, pamene mapulawo ambiri akale ochokera m'minda ikuluikulu ndi a Categoria 2, a zikhomo zonenepa. Mlimi ayeze asanalipire. Aonenso ngati pali chitsulo chozungulira cha kumbuyo chotchedwa PTO kapena tomada de força, chozungulira maulendo 540 pa mphindi. Popanda chimenechi makina opukusira chimanga kapena pampu ya madzi sizingagwire ntchito.

Pulawo imalima masabata ochepa pa chaka. Ngolo ndiyo imagwira ntchito chaka chonse: manyowa, feteleza, njerwa, mchenga, matumba a mbatata opita kumsewu waukulu. Amene ndalama zake zingakwane zipangizo ziwiri zokha atenge ngolo ndi pulawo, chounga mizere chidzabwera pambuyo. Komanso kulima ndi mbale chaka ndi chaka pa kuya kumodzimodzi kumaumitsa dothi la pansi, mizu ndi madzi osadutsa. Chipangizo cha mano chong'amba nthaka ndicho chimaswa pouma pamenepo.

Kwa mlimi wa hekitala ziwiri kapena zitatu, makamaka wa kudimba, thirakitala ya matayala anayi ndi katundu wolemetsa. Motocultivador, ya matayala awiri yoyenda munthu ali pambuyo, imamwa mafuta ochepa ndipo imalowa m'timinda topapatiza. Ng'ombe nazo, zimene anthu a ku Angónia amazidziwa bwino, sizifuna dizilo. Thirakitala yaikulupo imabweza ndalama pokhapokha ikamalimiranso ena pa malipiro, kapena ikakhala ya bungwe la alimi lokhala ndi buku la ndalama ndi woyendetsa mmodzi wodziwika. Ofuna kubwereka m'malo mogula angafunse ku ofesi ya SDAE ya boma lawo ngati pali olimitsa pafupi.

Kumapiri a Tsangano nkhani ndi ya moyo. Thirakitala yokoka ndi matayala onse anayi imagwira bwino potsetsereka ndi pamatope, koma ikhale ndi chitsulo chotchinga woyendetsa ikagubuduka, ndipo iye amange lamba. Katundu amangidwe pa chokokera cha pansi. Akamangidwa pamwamba, thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada. Ana asakwere pa madigadi.

Yogwirapo kale ntchito iyesedwe m'mawa injini isanatenthe. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti ikudya oyilo. Mlimi anyamulitse pulawo, azimitse injini, adikire: ikamatsika yokha msanga, mahayidiroliki atopa.

Funso lina ndi la masipeya. Kuchokera ku Ulónguè, Lilongwe ili pafupi kuposa mzinda wa Tete, ndipo mtundu wofala mbali zonse za malire, monga Massey Ferguson, suvuta kupezera fyuluta kapena makaniko woudziwa. Mtundu wachilendo wotchipa ungaime mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kamodzi, nthawi yolima n'kudutsa. Wogula thirakitala ku Malawi ailowetse pa chipata chovomerezeka, monga Calómuè kapena Zóbuè, ndi mapepala a Alfândega okhala ndi nambala ya injini yofanana ndi yolembedwa pa makinawo.