APHUNZITSI A ANAMWINO NAONSO AMABWERERA KU SUKULU

Inu alimi a ku Lunzu, ku Lirangwe ndi ku Chileka amene mumabwera ndi tomato ndi masamba ku msika wa Chirimba, mumadutsa pa Kameza, pamene mseu wa ku bwalo la ndege upatukana ndi mseu wa ku Zalewa. Chapafupi pomwepo pali nyumba zazikulu za sukulu. Ambiri a inu munazimva koyamba m'chaka cha 2020, pamene Boma linasungirako anthu a matenda a Covid-19. Koma nchito yeniyeni ya nyumbazo ndiyo kuphunzitsa anamwino ndi azamba. Lero ndifuna tikambirane za anthu amene amaphunzitsa anamwino, ndi kumene iwo amaphunzira nchito yaoyo.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi ichi. Mwezi wathawu ndinali ndi msonkhano wa kasungidwe ka chimanga pa mudzi wina kuseri kwa Chirimba. Titatha kukamba za anankafumbwe, bambo wina wachikulire anandiitanira pambali nati, "Alangizi, tandiuzani. Mwana wanga ndinamphunzitsa ndi nandolo ndi mbuzi. Unamwino anatsiriza, nchito analembedwa, wagwira zaka zisanu. Tsopano akuti afuna kubwereranso ku sukulu zaka ziwiri kuti akaphunzire kuphunzitsa. Kodi munthu wodziwa kubaya jekeseni angalephere bwanji kuuza mnzake kabayidwe? Pajatu feteleza wa pakhomo pano amagula ndi iyeyo."

Ndinawayankha kuti ine sindine munthu wa chipatala, ndine wa makasu, koma funso laolo ndilidziwa, pakuti linandigwetsapo ine mwini. Nditangoyamba ulangizi ndinali kudziwa bwino lomwe kabzalidwe ka chimanga: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Ndinaimirira pansi pa mtengo wa mango ndi kunena zonsezi kwa ola lathunthu. Anthu anaomba m'manja. Mvula itagwa ndinayendera minda yao, ndipo ndinapeza njere zitatu zitatu pa phando monga kale. Mlangizi wina wamkulu ndiye anandiuza kuti ndisiye mapepala, nditenge chingwe ndi timitengo, ndilowe m'munda, mlimi aliyense abzale mzere wake ine ndiri kupenya. Kulima ndinali kukudziwa, koma kuphunzitsa kulima ndinali ndisanaphunzire. Tsono ngati ziri choncho ndi chimanga, chimene ukalakwa ubzalanso chaka cha mawa, nanga ndi mai woyembekezera kapena mwana wakhanda?

Kale anamwino a m'dziko muno anali kuphunzira makamaka m'zipatala za mishoni, ndipo wofuna unamwino wapamwamba anali kupita kunja. M'chaka cha 1965 Boma linatsegula National School of Nursing mu Blantyre, ndipo ophunzira ake anali kuchita nchito ya manja pa chipatala cha Queen Elizabeth. Mu 1979 sukuluyo inasanduka Kamuzu College of Nursing, nthambi ya University of Malawi, likulu lake ku Lilongwe. Mu 2021 anaiphatikiza ndi College of Medicine, sukulu ya madotolo, ndipo ziwirizi tsopano ndizo Kamuzu University of Health Sciences. Nyumba zija za pa Kameza nza yunivesite imeneyi.

Koma anamwino ambiri amene mumawapeza m'zipatala zazing'ono za kumidzi sanachokere kumeneko ai. Iwo anaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences, kapena m'sukulu za mipingo za m'bungwe la CHAM: ku Nguludi, ku Mulanje Mission, ku Malamulo, ku Holy Family ku Phalombe, ku Trinity ku Muona, ku St Luke's ku Malosa, ku Nkhoma, ku Ekwendeni ndi kwinanso. Sukulu iri yonse mwa izi ifuna aphunzitsi ake, ndipo aphunzitsiwo sagwa kumwamba.

Bvuto limeneli linaonekera poyera zaka zoyambirira za m'ma 2000. Anamwino ambiri anapita kukagwira nchito ku Britain, ena anamwalira ndi Edzi, ndipo zipatala zinatsala ndi anthu owerengeka. Mu 2004 Boma linakhazikitsa nchito yapadera yoonjezera anchito a zipatala. Mwa zina, malipiro ao anakwezedwa ndi 52 pa 100 iri yonse, ndipo sukulu zinauzidwa kuti zitenge ophunzira ochuluka. Pamenepo ndi pamene anthu anaona kuti kumanga chipinda chophunziriramo nkwapafupi, koma kupeza woimamo nkobvuta, kotero kuti aphunzitsi ena anachita kuchokera ku maiko akunja. Zinali ngati kukuza munda kawiri, mbeu iri yomwe ija ya m'lichero limodzi.

Nchifukwa chake pali maphunziro amene mwana wa bambo uja ali kuwafuna. Namwino amene ali kale ndi digiri yoyamba ya zaka zinai, ndipo wagwirako nchito m'chipatala, angathe kupempha malo ku yunivesite ija kuti achite digiri yachiwiri, imene aitcha Master. Imodzi mwa izo nja kaphunzitsidwe ka anamwino ndi azamba. Kumeneko amaphunzira m'mene munthu wamkulu amagwirira phunziro, pakuti mnyamata kapena mtsikana wa zaka 20 sumphunzitsa monga mwana wa Sitandade 2. Amaphunzira kuika maphunziro m'ndondomeko, chiti chiyambe ndi chiti chitsate. Kukonza mayeso osakondera. Ndiponso kufufuza, ndiko kutenga bvuto limodzi la m'sukulu kapena m'chipatala ndi kulilondola mpaka apeze gwero lake, nalilemba m'buku.

Koma chigawo chimene ine ndiyesa chachikulu ndi cha pambali pa bedi la wodwala. Wophunzira asanakhudze munthu amayamba ndi zidole za mpira, zina za msinkhu wa munthu wamkulu, zina za khanda. Pa zimenezo amayesa kupeza mtsempha, kuika diripi ndi kupumitsa khanda lobadwa osalira, ndipo akalakwa palibe maliro. Atachoka apo ndi pamene amalowa m'wodi. M'wodimo muli nchito zooneka zazing'ono zimene moyo wa munthu umatsamirapo. Mankhwala a mwana amayezedwa molingana ndi sikelo yake, ndipo kulakwa kuwerengera ndi ngozi, monga momwe mlimi amatenthera tomato akachulutsa mankhwala m'sipuleya. Mai akayamba matenda pali pepala limene mzamba amalembapo nthawi ndi nthawi m'mene njira iri kutsekukira ndi m'mene mtima wa mwana uli kugundira. Pepalalo likalembedwa moona, limauza mzamba msanga kuti uyu sachirira pano, aitanitse galimoto ya ku chipatala chachikulu.

Tsono wophunzira amatengera zimene waona. Akaikidwa m'wodi popanda womlangiza, adzatsanza aliyense amene wampeza. Ngati wapeza namwino wotopa, amene wagwira usiku wonse yekha ndipo wayamba kudula njira, wophunzirayo adzayesa kuti nchito ndi imeneyo, ndipo adzaichita choncho mpaka adzapume. Chimodzimodzi ndi kalankhulidwe. Ambiri a inu mumadandaula kuti munakalipiridwa ku chipatala. Pakamwa pa namwino pamaumbidwa akali wophunzira, ndipo woumba wake ndiye mphunzitsi amene amaima naye m'wodi, namkokera pambali ndi kumuuza kuti agogowa sitiwayankha chotero. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limayesa ophunzira mayeso lisanawapatse chilolezo chogwira nchito, koma mayeso amangoyeza zimene zabzalidwa kale.

Pamenepa inunso muli ndi gawo lanu. Mukagonekedwa m'chipatala, kapena mukakhala pa udindo wodikirira wodwala, ana a sukulu akabwera musawapirikitse ndi mau akuti "aphunzirira pa ife". Namwino aliyense amene munamyamikapo anaphunzirira pa wina. Koma muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Kodi wokuyang'anirani ali kuti?" Wophunzira wolangizidwa bwino sakwiya ndi funso limeneli ai, amapita kukamuitana.

Sindifuna kukunyengani kuti nkhaniyi iribe kuwawa kwake. Namwino akapita ku sukulu zaka ziwiri, chipatala chimene wachokako chimatsala choperewera, ndipo mzere wa ku sikelo umatalika. Banja lake nalonso limamva, pakuti sukulu imadya ndalama. Ndiponso alipo ena amene akalandira digiri yachiwiri saonekanso m'kalasi kapena m'wodi, amakalowa m'maofesi a mabungwe kapena kuoloka nyanja. Ichi chimandiwawa, ndipo ife alangizi sitiri oyera pa mlandu womwewu, pakuti anzathu ambiri atachoka ku Bunda nsapato zao sizinapondenso mu mzere. Amene aphunzitsidwa kuphunzitsa ayenera kuoneka m'wodi ndi ophunzira ao, osangowatumiza ndi kalata.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo aja titakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe. Ndinawakumbutsanso kuti pokolola iwo amasankha zisononkho zabwino koposa za chimanga cha makolo nazipachika pa utsi, ndipo ngakhale njala ya mu February ibvute sazikazinga. Anaseka, nati mbeu yomweyo imafuna khola lotseka mbewa. Kenaka tinatenga pensulo ndi kuwerengera za feteleza. Tinapeza kuti akachepetsa munda wa chimanga, naika manyowa a m'khola la mbuzi, nabzala nandolo pakati pa mizere, angathe kupirira nyengo ziwiri ndi matumba ochepa. Za kusamalira adzukulu anati ayambe akambirana ndi amai a kunyumba, pakuti nchitoyo idzagwera iwo.

Sabata yatha ndinakomana nao pa msika wa Chirimba ali kugulitsa mbuzi imodzi. Anati mwanayo watumiza kale mapepala ake, ndipo ali kudikira yankho.