Matayala akutha asalowe m'ng'anjo ya tiyi

Anthu akaona milu ya nkhuni za bulugamu pa mafakitale a tiyi ku Thyolo, kaya ndi ku Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba, amafunsa kuti bwanji osangowotcha matayala akutha, oilo wakuda ndi mapulasitiki monga achitira kunja. Funsoli n'lomveka. Ife a ntchito ya moto ndi nthunzi timadziwa kuti tayala limatentha mofanana ndi malasha abwino, ndipo ku Germany zinyalala zimapereka moto woposa theka la umene mafakitale a simenti amafuna. Komabe ine ndikuti zimenezi zisayandikire tiyi wathu.

Nkhani yagona pa ukali wa moto. Lamulo la European Union limafuna kuti utsi wa zinyalala ukhale pa madigiri 850 kwa masekondi awiri, kuti poizoni ngati dioxin aphwanyike. Ng'anjo ya simenti imafika 1,450, ndipo phulusa limalowa m'simenti momwemo. Ng'anjo ya tiyi anaipangira nkhuni: moto wake umakwera ndi kutsika malinga ndi mmene munthu akusonkhezera, ndipo utsi wa pulasitiki ilibe nawo chosefera. Ena amati utsiwo sukhudza tiyi poti kutentha kumayenda m'mapaipi. M'kati mwa fakitale n'zoona, nanga panja? Mwaye umagwera m'minda yomweyo ndi pa nyumba za antchito, ndipo tsamba likathyoledwa silitsukidwa. Limafota, limagayidwa, n'kuumitsidwa. Tiyi sachedwa kukoka fungo, ndipo olawa a pa okushoni ku Limbe sanamizika. Tisaiwalenso kuti pulasitiki imachokera ku mafuta a pansi, ikapsa yapita, pamene bulugamu ukamudula amaphukanso pa chitsa.

Dandaulo lolemera ndi la malo, ndipo sindilipeputsa: bulugamu wadzaza mapiri m'boma limene mabanja ambiri akusowa polima. Koma mankhwala ake ali pafupi. Chikuni chachiwisi pafupifupi theka lake ndi madzi, choncho moto umayamba watha mphamvu pochiumitsa. Kusunga nkhuni pansi pa denga mpaka ziume, kukuta mapaipi ndi kutseka modontha nthunzi kumachepetsa mitengo yodulidwa. Matayala ndi oilo njira yake ndi ya ku ng'anjo za simenti, monga za ku Kasungu ndi ku Njereza m'boma la Mangochi, pokhapokha zitaikidwa zoyezera utsi ndipo a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA akuziyang'anira.