Funso la manambala lomwe linathera pa 7825

Mmisiri womanga nyumba ku Bolero kapena pa boma la Rumphi akafuna kuti ngodya ya fandeshoni ikhale ya sikweya, amangokhoma zikhomo n'kutenga tepi. Amayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana mamita 5, ngodyayo yalondola. 

Njirayi imatheka chifukwa 3 kuchulukitsa ndi 3, kuphatikiza 4 kuchulukitsa ndi 4, zimakwana 25, yemwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Magulu a manambala atatuatatu otere ndi osatha: 5, 12 ndi 13, kapena 8, 15 ndi 17.

M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa masamu Ronald Graham analonjeza madola 100 kwa yemwe angayankhe funso ili: kodi n'zotheka kupenta nambala iliyonse, ina yofiira ina yabuluu, popanda gulu lomwe manambala ake onse atatu afanana mtundu? Poyamba zimaoneka zophweka. 3 ndi 4 akhale ofiira, 5 wabuluu. Koma 5 alinso m'gulu la 12 ndi 13, pomwe 12 alinso ndi 9 ndi 15. Zili ngati chibale cha pamudzi, ukakhudza mmodzi wakhudza fuko lonse.

Yankho linabwera mu 2016 kuchokera kwa Marijn Heule, Oliver Kullmann ndi Victor Marek, omwe anagwiritsa ntchito kompyuta yamphamvu ya Stampede ku Texas kwa masiku pafupifupi awiri. Kuyambira 1 mpaka 7824 kupentako kumatheka. Mukangoonjezera 7825, basi: nambalayi ili m'gulu la 625 ndi 7800, komanso la 5180 ndi 5865, ndipo kaya muipenta yofiira kaya yabuluu, gulu lina liphwanya lamulo.

Chomwe chimandinyinyiritsa ndi umboni wake. Ndi wa materabaiti 200, woti palibe munthu angauwerenge pamoyo wake wonse, moti unachita kuunikidwa ndi pulogalamu ina ya kompyuta. Ukutiuza kuti 7825 ndiye malire, koma sukutiuza chifukwa chake ali iyeyo. Graham analipirabe madola ake 100 kwa Heule. Funso lomweli, koma la mitundu itatu ya penti, mpaka pano silinayankhidwe.