Buku la Malonda a Dziko Lathu ndi Mtengo wa Feteleza

Alimi anzanga, ambiri mwa inu mumafunsa pamisonkhano kuti: "Fodya timagulitsa m'madola, nanga bwanji madola akusowa, feteleza n'kumangokwera mtengo?" Yankho lake lili m'buku limodzi la dziko, ndipo n'kofunika kuti mlimi aliyense alimvetse.

Inu matenanti mukudziwa buku la pa esiteti. Mbali imodzi kalaliki amalemba zimene mwatenga: feteleza, mankhwala, chimanga chodya. Mbali inayo amalemba fodya amene mwapereka. Nyengo ikatha amachotsera, ndipo pamatsala phindu kapena ngongole. Dziko nalonso lili ndi buku lotere pa malonda ake ndi maiko ena. Akatswiri a zachuma amalitcha current account.

M'bukumo mumalembedwa zinthu zinayi. Choyamba ndi katundu: fodya, tiyi, shuga ndi nyemba zimene timagulitsa kunja, kuchotsapo mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'chipatala ndi makina amene timagula. Chachiwiri ndi ntchito, monga zimene timalipira a sitima ndi malole onyamula katundu wathu, ndi zimene alendo odzaona Nyanja amatisiyira. Chachitatu ndi chiwongola dzanja cha ngongole zakunja ndi phindu limene eni makampani amatumiza kwawo. Chachinayi ndi ndalama zongolandira, monga zimene abale athu a ku Joni amatumiza, ndi thandizo lina la maiko. Ngongole yatsopano simalembedwa m'bukuli. Imeneyo ndi yokwirira dzenje pamene zotuluka zaposa zolowa.

Tsono kukula kwa dzenjelo sikudziwika pongotchula ndalama zake. Taganizani za alimi awiri, aliyense ali ndi ngongole ya K500,000. Woyamba wagulitsa fodya wa K10 miliyoni. Ngongole yake ndi K5 pa K100 iliyonse, ndipo agona tulo. Wachiwiri wagulitsa wa K2 miliyoni. Yake ndi K25 pa K100, ndipo banja lake ligona ndi njala. N'chifukwa chake dzenje la dziko amaliyeza poliyerekeza ndi chuma chonse chimene dzikolo lapanga pa chaka, chotchedwa GDP. Akatswiri ambiri amayamba kuda nkhawa likapitirira K5 pa K100.

Nanga ife tili pati? M'zaka za 2023 ndi 2024 Malawi ankagulitsa kunja katundu wa pafupifupi madola 1 biliyoni pa chaka, koma n'kumagula wa madola 3 biliyoni. Dzenje linaposa K15 pa K100 iliyonse ya chuma cha dziko. Fodya yense amene anagulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu mu 2024 anabweretsa pafupifupi madola 400 miliyoni. Ndalama zimenezi n'zambiri ndithu, koma sizinakwane kulipirira ngakhale mafuta a galimoto ndi feteleza okha.

Vutoli silinayambe lero. Mu 1979 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, moti pofika 1984 katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban. Mtengo wa mtengatenga unadya gawo lalikulu la ndalama zimene fodya ndi tiyi ankabweretsa. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakwezanso mtengo wa feteleza ndi mafuta, ife tisanawonjezere zogulitsa.

Dzenje likakula, dziko limakongola kunja kapena kutapa madola amene linasunga. Nkhokwe ikatha, madola amasowa m'mabanki, malole amagona pamzere wa dizilo, ndipo kwacha imagwa. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Ena mwa inu munakondwa poona makwacha ambiri pa dola iliyonse ya fodya. Koma mutapita kukagula feteleza, ziguduli ndi kulipira lole, makwacha aja anabwerera kumene anachokera. Tenanti ndiye amapwetekeka kwambiri, chifukwa feteleza wokwera mtengoyo amalembedwa m'buku lake mtengo wa fodya usanadziwike.

Dziwaninso kuti si dzenje lililonse loipa. Mlimi amene wakongola kuti amange chigafa chabwino adzabweza, pakuti fodya wake adzakhala wa giredi yapamwamba. Chimodzimodzi dziko likagula makina a mthirira kapena a magetsi. Choopsa ndi kukongola chaka ndi chaka kuti tigule zodya ndi zovala zimene tikanapanga tokha.

Zambiri mwa izi n'za boma ndi mabanki, komabe mbali ina ili m'manja mwanu. Sankhani fodya wanu mosamala. Belo losakaniza magiredi, kapena lokhala ndi mapulasitiki ndi zinyalala, limabwezedwa kapena kugulidwa motsika, ndipo madola otayikawo ndi anu ndiponso a dziko. Musagulitse fodya kwa ozembetsa m'malire, chifukwa madola ake amakalembedwa m'buku la dziko lina. Thirani manyowa ndipo chitani kasinthasintha wa mbewu, kuti thumba lililonse la feteleza wogulidwa ndi madola libereke mokwanira. Siyani munda wina wa soya, mtedza kapena nandolo, pakuti nazonso zimagulidwa kunja, ndipo kudalira mbewu imodzi n'kuika banja pangozi.

Mukamva pa wailesi chiwerengero cha dzenjeli, tcherani khutu. Chikamakula, gulani zipangizo za nyengo yamawa mukangolandira ndalama za fodya, musanayambe kugula zina.