Nthenda ya Kukhumudwa Imene Imakana Mankhwala

M'chaka cha 1952, pa chipatala cha Sea View ku New York, madotolo anali kuyesa mankhwala atsopano a chifuwa chachikulu otchedwa iproniazid. Anadabwa poona kuti odwala amene anali atataya mtima ayamba kusangalala ndi kufuna chakudya. Mu 1957 dotolo wa ku Switzerland, Roland Kuhn, analengeza kuti mankhwala ena, imipramine, amachotsa chisoni chachikulu mwa odwala ake. Owerenga athu azindikire ichi, kuti mankhwala ndiwo anatsogola, ndipo chifukwa chake chogwirira ntchito chinafunidwa pambuyo.

Mu 1965 Joseph Schildkraut wa ku Amereka analemba kuti mwina nthendayi imadza pamene timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo, monga noradrenaline, tachepa. Ena anatchula serotonin, ndipo Prozac ataloledwa mu 1987 ganizoli linafala ngati choonadi chosatsutsika. Koma mu 2022 Joanna Moncrieff ndi anzake ku London sanapeze umboni wokwanira wakuti kuchepa kwa serotonin ndiko gwero lake. Akatswiri ena anawatsutsa, ndipo kunena zoona mankhwalawa amathandiza anthu ambiri.

Tsoka lili kwa otsalawo. Pa kafukufuku wa STAR*D ku Amereka, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, mwa odwala pafupifupi 4,000 mmodzi yekha mwa atatu anachira ndi mankhwala oyamba. Atayesa njira za chithandizo mpaka zinayi, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali asanachirebe. Madotolo amati nthenda yakana mankhwala pamene mitundu iwiri yalephera, ndipo mtundu uliwonse umafuna masabata 4 mpaka 6 kuti uoneke mphamvu yake. Taganizani za mphunzitsi amene wayesa mitundu itatu: teremu yatha, tulo sapeza, akulu ake pa ntchito ayamba kumutcha waulesi, ndipo achibale agulitsa kale mbuzi kulipira sing'anga. Choipitsitsa n'chakuti nthenda yotere imakonda kubwerera ngakhale munthu atapezako bwino.

Njira zina zilipo. Chithandizo cha magetsi a kumutu, chimene chinayamba ku Rome mu 1938, chikali champhamvu ngakhale anthu amachiopa. Mu 2000 ofufuza a ku Yale anaona kuti ketamine, mankhwala ogonetsa pa opaleshoni, amapeputsa mtima m'maola ochepa podzera mwa glutamate, osati serotonin, ndipo mu 2019 Amereka analoleza esketamine wopopera m'mphuno. Mphamvu yake imatha msanga, wodwala ayenera kubwerera kuchipatala kawirikawiri, ndipo mtengo wake ngwoposa malipiro a kalaliki.