Ku Metangula nakonso nyanja ili ndi eni

Ambiri a ife kuno ku Mtakataka ndi ku Golomoti timakamba za nyanja ngati dimba losiyiridwa ife tokha, ndipo wina akatchula Metangula, Meponda kapena Cóbuè timangokumbuka nkhondo ya Renamo ndi anthu othawa kwawo. Zimenezi zimandiwawa. Abale athu a m'chigawo cha Niassa ku Mozambique amakoka chilimira usiku ndi nyali ngati ife, amayanika usipa pathandala ngati ife, koma m'chaka cha 2011 boma lawo linaika madzi a mbali yawo pansi pa chitetezo, ndipo derali, la mahekitala opitirira 1.3 miliyoni, linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Paki yathu ya ku Cape Maclear ndi yakale, ya 1980, ndipo tiyenera kuinyadira, koma ndi kachigawo kakang'ono ka nyanja.

Chomwe chimatilekanitsa nawo ndi chilankhulo cha papepala. Katswiri wa nsomba ku Monkey Bay amalemba zofufuza zake m'Chingerezi, mnzake wa ku Metangula m'Chipwitikizi. Komiti ya asodzi kuno timaitcha BVC, uko ndi CCP, ntchito imodzimodzi yoletsa maukonde a maso aang'ono ndi kusunga nyengo yoswana nsomba. Akuluakulu akakumana amafuna womasulira, pamene asodzi awiri okumana pabwato amamvana pa moni woyamba. Ntchito yofufuza za nyanjayi ya mabungwe a SADC ndi GEF imene inali ku Senga Bay m'zaka za m'ma 1990 inasonkhanitsa ofufuza a mayiko atatu ozungulira nyanjayi, koma msodzi sawerenga malipoti otere.

Ena adzati chitetezo cholembedwa sichichotsa neti ya udzudzu m'madzi. Ndi zoona, uko ngakhalenso kuno. Nchifukwa chake zofufuzazo ziyenera kufika pagombe m'chilankhulo cha wogwira nkhafi. Ena adzati ife a kumunsi kwa Dedza za ku Niassa sizitikhudza. Koma taonani mtsinje wa Namikokwe mvula yoyamba ikagwa, madzi ofiira ngati njerwa, nthaka ya m'mapiri ometedwa ndi owotcha makala kumtunda kwa Mua ikudzaza ngalande za sikimu ya Bwanje, yotsala nkukakwirira malo oswera nsomba. Nyanja yolandira matope amenewa ndi yomweyo imene a ku Meponda akuyesetsa kuisunga, ndipo akadzatifunsa adzatifunsa m'Chinyanja.